Kodi Tikulembera Ndani?

M'chaka changa chachiwiri pano pa sukulu yaukachenjede ndinalemba pepala limene ndinkalinyadira kwambiri. Linali la phunziro la malamulo a Chichewa, ndipo mutu wake unali wokhudza kukwera ndi kutsika kwa liwu poyankhula. Ndinachezera nalo masiku atatu mpaka linakwana masamba 8, ndipo popereka ndinkadziona ngati katswiri. Patatha masabata awiri pepala lija linabwerera lili ndi malikisi 48. Pansi pa ndime yoyamba aphunzitsi anali atalemba ndi cholembera chofiira funso limodzi lokha: "Mukufuna kunena chiyani?"

Pepalalo ndikadali nalo, ndipo chiganizo chake choyamba ndichiika pano ngakhale chikundichititsa manyazi. Ndinalemba kuti: "N'kofunika kwambiri kuzindikira kuti nkhani yokhudzana ndi kagwiritsidwe ntchito ka kamvekedwe ka mawu pa nkhani ya kasiyanitsidwe ka matanthauzo m'chiyankhulo cha Chichewa ndi nkhani imene yakhala ikuunikidwa ndi akatswiri osiyanasiyana m'njira zosiyanasiyana pa nthawi zosiyanasiyana." Amenewa ndi mawu 35, koma mukawapeta simutsala kanthu m'lichero. Akatswiriwo sanatchulidwe, njirazo sizinatchulidwe, ndipo wowerenga amafika pa mpumiro asanaphunzirepo chilichonse.

Ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi aja ndili ndi mtima wokadandaula. Iwo sanatsutsane nane. Anangotenga pepalalo n'kulivundikira patebulo, n'kunena kuti, "Achimwene, tiyerekeze kuti ine ndine mnzanu wophunzira masamu, sindinalowepo m'kalasi ya chiyankhulo. Tandiuzani zimene mwapeza." Ndinaganiza pang'ono, kenaka ndinati, "Aphunzitsi, munthu akakulemberani kuti mtengo wagwa, simungadziwe ngati mutenge nkhwangwa kapena muthamangire kumsika. Koma akakuuzani pakamwa simusokonezeka, chifukwa pa mtengo wa m'nkhalango liwu limakwera pa te, pamene pa mtengo wa kumsika silikwera." Aphunzitsi anaseka, nati, "Chimenecho ndiye chiganizo choyamba cha pepala lanu. Nanga mwachibisa pati?" Titafufuza tinachipeza pa tsamba 6, chitakwiririka pakati pa ndime yaitali.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira chimene chimachititsa kuti pepala lina lamaphunziro likome kuwerenga, pamene lina limagonetsa tulo ngakhale mutu wake uli umodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti chinsinsi chake chagona pa kukumbukira wowerenga. Pepala limakoma pamene wolemba akuona m'maganizo mwake munthu weniweni amene akumufotokozera, munthu wanzeru koma amene sanakhale naye pamodzi m'laibulale. Zina zonse zimene timaphunzitsidwa zokhudza ndime, ziganizo ndi kasankhidwe ka mawu zimachokera pamenepa.

Tisanafike pa mankhwala, ndi bwino tidziwe chimene chimatichititsa kuiwala wowerengayo. Chifukwa choyamba n'chakuti munthu akadziwa chinthu amaiwala mmene zinalili asanachidziwe. Mu 1990, Elizabeth Newton wa ku yunivesite ya Stanford ku America anachita kafukufuku wosavuta. Anauza anthu ena kuti azigogoda patebulo motsata kayimbidwe ka nyimbo zodziwika bwino, ndipo ena azimvetsera n'kutchula dzina la nyimboyo. Ogogodawo ankayembekezera kuti anzawo azindikira theka la nyimbozo. Koma pa nyimbo 120 zimene zinagogodedwa, omvetsera anazindikira zitatu zokha. Wogogoda amamva nyimbo yonse m'mutu mwake, pamene womvetsera amangomva go, go, go. Ndi mmene zinalili ndi pepala langa. Ine ndinali nditawerenga mabuku kwa masabata angapo, kotero chiganizo chilichonse chimene ndinkalemba chinkamveka chodzaza kwa ine mwini. Kwa munthu wina chinali kugogoda chabe.

Chifukwa chachiwiri ndi mantha. Ambirife tinafika pano kuchokera ku sukulu zimene laibulale yake inali kabati imodzi. Titatsegula mabuku a akatswiri n'kupeza kuti sitikumva, tinaganiza kuti kusamvekako ndiko chizindikiro cha maphunziro apamwamba. Choncho nafenso timavala mawu akuluakulu ngati jekete yobwereka, kuti aphunzitsi asaone kuti m'kati tikunjenjemera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2006, Daniel Oppenheimer anafalitsa kafukufuku amene anatenga zolemba zina n'kuchotsamo mawu afupiafupi, kuikamo mawu ataliatali a tanthauzo lomwelo. Anthu amene anawerenga zolemba zosinthidwazo anaona wolembayo kukhala wochepa nzeru poyerekeza ndi mmene anamuonera amene anawerenga zosavuta zija. Jekete yobwerekayo imaonekera patali kuti si yathu.

Chifukwa chachitatu ndi chizolowezi cha ku sekondale. Kumeneko tinkalemba chimangirizo tikuwerenga mawu ndi chala kuti akwane chiwerengero chimene funso lalamula. Tinaphunzira kuyamba ndi ziganizo zoloweza pamtima ndiponso kubwereza mfundo imodzi katatu. Titabwera kuno n'kuuzidwa kuti pepala likhale la masamba 8, tinangopitiriza luso lomwelo lothira madzi m'ndiwo kuti zikwanire anthu onse.

Nanga wolemba amene akukumbukira wowerenga wake amachita zotani? Choyamba, amanena msanga funso limene akuyankha ndi yankho limene wapeza. Ena a ife timaopa kuti tikaulula yankho pa tsamba loyamba, wowerenga sapitiriza. Zimenezi n'zoona pa nthano, pamene agogo amasunga mathero kuti ana asagone. Pepala lamaphunziro limafanana ndi mlandu wa pabwalo la mfumu. Wodandaula amayamba wanena chimene chamubweretsa, ndipo anthu amatchera khutu kuti amve ngati umboni wake ukugwirizana ndi zimene wanenazo. Munthu amene wayankhula kwa theka la ola asanatchule mlandu wake, nduna zimamukhazika pansi. Pa 25 Epulo 1953, James Watson ndi Francis Crick anafalitsa m'magazini ya Nature pepala lofotokoza kapangidwe ka DNA, chinthu cha m'maselo a thupi chimene chimanyamula zachibadwa kuchokera kwa makolo kupita kwa ana. Pepalalo linangopitirira pang'ono tsamba limodzi, ndipo chiganizo chake choyamba chinaneneratu chimene awiriwo abwera nacho. Ngati nkhani yaikulu chotero inakwana pa malo ochepa choncho, ine ndinalibe chifukwa chobisira mtengo wanga pa tsamba 6.

Chachiwiri, wolemba wotere amayambira pa zimene wowerenga akudziwa kale n'kumutsogolera ku zimene sakuzidziwa. Charles Darwin atafuna kufotokoza mu 1859 mmene mitundu ya zamoyo imasinthira pa zaka zambirimbiri, anadziwa kuti anthu avutika kumvetsa. Ndiye chifukwa chake mutu woyamba wa buku lake la On the Origin of Species unakamba za ziweto ndi mbewu za kumunda, makamaka nkhunda, zimene iye mwini ankaweta. Mngelezi aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti woweta akamasankha nkhunda zoti ziswane, patapita mibadwo amapeza nkhunda zooneka mosiyana. Wowerenga atavomera zimenezo, Darwin anamutengera kutchire kukamuonetsa kuti nakonso kusankhako kumachitika popanda woweta. Ife a chiyankhulo tili ndi mwayi woposa pamenepa, chifukwa nkhunda zathu zili m'kamwa mwa wowerenga. Ndikafuna kusonyeza kuti liwu limasiyanitsanso nthawi ya mneni, ndingopempha wowerenga kuti atchule mawu akuti ndimathandiza kawiri: koyamba monga munthu amene amathandiza masiku onse, kachiwiri monga munthu amene anali kuthandiza pa nthawi ina yapitayo. Adzamva yekha liwu likukwera pa ndi koyambako, ndipo kachiwiriko likukwera pa tha. Akamva ndi khutu lake, lamulo limene ndilembe pambuyo pake silimuvuta. Chitsanzo chikatsogola, lamulo limapeza malo okhala.

Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito m'kati mwa ndime. Mu 1990, George Gopen ndi Judith Swan analemba m'magazini ya American Scientist kuti wowerenga amayembekezera kupeza zimene akuzidziwa kale kumayambiriro kwa chiganizo, ndipo zatsopano kumapeto kwake. Chatsopano cha chiganizo choyamba chimasanduka chodziwika cha chiganizo chachiwiri, ndipo ndime imalukana ngati mkeka. Iwo ankanena za Chingerezi, koma ine ndaona kuti Chichewa chili ndi zida zake zabwino zochitira zimenezi. Taonani ziganizo izi: "Mawu awiriwa amasiyana liwu. Liwulo akatswiri amalisonyeza ndi kachizindikiro pamwamba pa lembo. Kachizindikiroko sitikalemba m'Chichewa cha masiku onse, n'chifukwa chake mawuwo amaoneka ofanana papepala." Timaphatikizo ta lo, ko ndi wo, pamodzi ndi mawu monga uja, lija ndi zija, timaloza m'mbuyo n'kuuza wowerenga kuti chinthu ichi wakumana nacho kale. Poyankhula timatigwiritsa ntchito mosaganizira n'komwe. Tikagwira cholembera timatitaya, n'kuyamba kuunjika ziganizo ngati njerwa zopanda matope.

Chachitatu, wolemba wokumbukira wowerenga amadalira aneni ndipo amatchula ochita. Mphamvu ya Chichewa ili mu mneni. Mawu amodzi monga tinawaphikitsira anyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi mtundu wa ntchitoyo. Koma tikafuna kumveka ophunzira timapha aneni n'kuwasandutsa mayina ataliatali oyamba ndi ka: kayendetsedwe, kakhazikitsidwe, kagwiritsidwe ntchito. Mawu amenewa si olakwika, koma akatsatizana atatu m'chiganizo chimodzi wowerenga amasochera, sadziwa amene akuchita ndi chimene chikuchitika. Kunena kuti "panali kusintha kwa kaphunzitsidwe ka kalembedwe" n'kolemera kusiyana ndi kunena kuti "aphunzitsi anasintha njira yophunzitsira ana kulemba." Matenda ena ofanana nawo tawatengera ku Chingerezi cha m'mabuku, ndiwo obisa wochita: "zakhala zikunenedwa kuti," "zinaonedwa kuti," "akatswiri ambiri amati." Ndani ananena? Liti? M'pepala langa lija ndikanatha kulemba kuti Mark Hanna Watkins, katswiri wachikuda wa ku America, anafalitsa buku la malamulo a Chichewa mu 1937, kuti m'bukumo anasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiponso kuti amene ankamuyankhulira Chichewacho ku Chicago anali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Ndikanathanso kutchula kuti mu 2017 Laura Downing ndi Al Mtenje anatulutsa buku lathunthu la kamvekedwe ka Chichewa. Ziganizo zoterezi zimadzutsa wowerenga chifukwa muli anthu, malo ndi zaka, komanso zimamupatsa mpata wokafufuza yekha ngati ndikunena zoona. Apa kukoma kwa pepala ndi kukhulupirika kwake zimayendera limodzi.

Chachinayi, wolemba wotere amalimba mtima kusiya zina. Tikavutikira kupeza mfundo m'laibulale timafuna kuti iliyonse ilowe m'pepala, kuti aphunzitsi aone thukuta lathu. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wowerenga alibe njira yodziwira kuti mfundo iyi ndi mzati ndipo iyo ndi yongodutsa, choncho amazinyamula zonse mofanana mpaka kutopa. M'pepala langa munali masamba awiri ofotokoza mbiri ya kusamuka kwa Amaravi. Mbiriyo inali yoona, koma sinkathandiza aliyense kumvetsa kusiyana kwa khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Ndime iliyonse iyenera kuyankha funso lakuti ikuthandiza bwanji mlandu umene ndinatchula pa tsamba loyamba. Ikalephera kuyankha, isungidwe kuti idzagwire ntchito m'pepala lina.

Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga satsatira maganizo amenewa, ndipo zifukwa zawo si zopanda pake. Ena amati maphunziro apamwamba ali ndi mawu akeake amene sitingawathawe. Ndikuvomera. Sitingakambe za chiyankhulo popanda mawu monga mneni, phatikizo, mlowam'malo kapena gulu la mayina, monga momwe mmisiri wa matabwa sangagwire ntchito popanda kutchula zida zake. Chofunika n'chakuti liwu lotere litanthauziridwe pamene laonekera koyamba, lipatsidwe chitsanzo, kenaka lisasinthidwenso mpaka kumapeto. Ku sekondale tinauzidwa kuti kubwereza mawu n'kusowa luso, koma m'pepala lamaphunziro ukatchula chinthu chimodzi ndi mayina atatu, wowerenga amaganiza kuti ukunena zinthu zitatu. Liwu laukatswiri limene likufupikitsa njira ndi chida. Limene langoikidwa kuti liopseze anthu ndi mpanda.

Ena amati pepala lamaphunziro si malo osangalatsirapo anthu, ndipo tikalifewetsa lidzasanduka nthano. Apa pali kusamvana pa tanthauzo la kukoma. Sindikunena kuti tidzaze mapepala athu ndi nthabwala, miyambi ndi zining'a. Ndawerengapo mapepala a anzanga amene ndime iliyonse imayamba ndi mwambi, ndipo anali otopetsa mofanana ndi langa lija, chifukwa miyambiyo inkabisa kusowa kwa mfundo monga momwe mawu anga ataliatali ankachitira. Kukoma kumene ndikunena ndi kuja munthu amamva pamene chinthu chimene chinkamuzunguza chamveka, pamene akuti, "Ohoo, kani zimatero!" Kukoma kumeneko sikuchepetsa kuzama kwa pepala. Ndipotu kulemba momveka n'kovuta kuposa kulemba mozungulira, chifukwa chiganizo chomveka chimaonetsa poyera ngati walakwa. Ndinazindikira mochedwa kuti mbali zina za pepala langa zinali zosamveka chifukwa ine mwini sindinkazimvetsa, ndipo mawu ambiriwo ankandibisira ine ndemwe umbuli wangawo.

Pali enanso amene amati, "Zonsezo n'zabwino, koma malikisi amapita kwa olemba zambiri." Apa ndikupempha aphunzitsi athu, mwaulemu, kuti atithandize. Wophunzira amalima kumene kukugwa mvula. Ngati pepala la masamba 5 lomveka bwino lilandira malikisi ochepa kusiyana ndi la masamba 10 lodzaza ndi mankhusu, tonse tidzaphunzira kukolola mankhusu. Zingathandize mutatiuza malire a pamwamba a masamba m'malo mwa a pansi, mutapatula malikisi ena a kumveka kwa nkhani, ndiponso mutatilola nthawi zina kulembanso pepala limene mwalikonza. Ine ndinaphunzira zambiri pa funso limodzi lofiira lija kuposa pa mapepala onse amene anabwerera ali ndi chichongi chokha.

Kwa ife amene timalemba m'Chichewa nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies kuyambira mu 1996. Mu 2000 tinalandira Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe. Komabe mpaka lero timamva anthu, ena a iwo ophunzira bwino, akunena kuti Chichewa n'choyenera nthano ndi maliro, sichinganyamule nkhani zozama. Nthawi iliyonse imene tilemba Chichewa cholemera, chongotsata mafupa a ziganizo za Chingerezi, timawapatsa anthu amenewa umboni. Wowerenga amatopa n'kunena kuti bola akanangowerenga m'Chingerezi momwemo, ndipo mlandu umagwera chiyankhulo pamene wolakwa ndi wolemba. Chikhalirecho akuluakulu anatisiyira chitsanzo. Samuel Josia Nthara analemba Mbiri ya Achewa, ndipo John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo mu 1965. Onsewa ndi mabuku ophunzitsa, odzaza ndi mfundo, koma munthu amawawerenga osatopa chifukwa eni ake ankadziwa amene akuwalembera ndipo ankawalemekeza.

Tisaiwalenso kuti ambirife tikachoka pano tidzakhala aphunzitsi, atolankhani, omasulira ndi olemba zikalata za m'maofesi. Wowerenga wathu sadzakhalanso mphunzitsi amene amalipidwa kuti apirire mpaka tsamba lomaliza. Adzakhala mwana wa Fomu 2, mlimi amene walandira kapepala kofotokoza za mankhwala a mbewu, kapena mayi amene akuwerenga malangizo a kuchipatala. Anthu amenewa akapanda kumva sadzatilembera funso lofiira. Adzangopinda pepalalo n'kulisiya, ndipo nthawi zina kusamvako kudzawapweteka.

Pepala langa lija anandilola kulilembanso. Ndinayamba ndi mtengo wakugwa uja, ndinachotsa mbiri ya Amaravi, ndinatchula akatswiri ndi mayina awo, ndipo linatsika kufika masamba 5. Ndisanapereke ndinaliwerenga mokweza m'chipinda chathu chogona, ndipo paliponse pamene mpweya unandithera ndisanafike pa mpumiro ndinadula chiganizocho pawiri. Kenaka ndinapatsa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene amaphunziradi masamu, ndi kumupempha kuti akamaliza andiuze m'mawu akeake chimene ndanena. Anandiuza molondola, kupatula ndime imodzi ya pa tsamba 4 imene anati sakuimva. Nditaiyang'anitsitsa ndinapeza kuti nanenso sindinkaimva, ndipo ndinabwerera nayo ku laibulale.

Kuyambira pamenepo sindipereka pepala lililonse mnzangayu asanaliwerenge, ndipo nayenso amandipatsa ake ngakhale masamu anandikana kalekale. Ndikulimbikitsa anzanga a m'dipatimenti ino kuti aliyense apeze munthu wotere, makamaka wa phunziro lina. Akamaliza kuwerenga musamufunse ngati pepalalo lili bwino, chifukwa mwaulemu wathu adzangoti lili bwino. Mufunseni kuti, "Kodi ndanena chiyani?" Akayamba kukanda m'mutu, tengani pepala lanu mukakhalenso pansi.